Mlandu wa Lewenhaupt, kazembe amene anapereka asilikali a Sweden pa mtsinje wa Dnieper

M'mawa wa pa 11 Julayi 1709, pamalo pamene mtsinje wa Vorskla umathira mu Dnieper, m'dziko limene lero ndi Ukraine, panali chikhamu cha anthu otopa. Panali asilikali a Sweden pafupifupi 14,000, antchito awo, akazi ndi ana oposa 1,000, akavalo ndi ngolo zosawerengeka. Kutsogolo kwawo kunali madzi otambalala opanda mlatho, ndipo mabwato a m'mudzi wa Perevolochna anali atatenthedwa kale ndi Arasha. Kumbuyo kwawo, pamwamba pa zitunda, kunayamba kuoneka akavalo a Alexander Menshikov, bwenzi la pamtima la Tsar Peter. Mfumu ya Sweden, Karl XII, amene mabuku ena amamutcha Charles XII, inali itaoloka usiku ndi kagulu kochepa, chilonda cha chipolopolo chili kuphazi. Dzuwa lisanapendeke, mkulu amene anasiyiridwa anthu onsewa, Adam Ludwig Lewenhaupt, anawapereka m'manja mwa adani popanda kuomba mfuti.

Papita zaka zoposa 300, koma mlandu wa tsiku limenelo sunathe. Ena amati munthuyu anachita mantha n'kutaya gulu lankhondo limene likanatha kudzipulumutsa. Ena amati anakana kuphetsa anthu pachabe. Ine ndikuona kuti woweruza mlanduwu poyang'ana m'mawa umodzi wokhawo walakwa kale, pakuti chimene Lewenhaupt anachita pa Perevolochna chinaphuka pa moyo wake wonse, ndiponso pa kusiyana kwake ndi mfumu imene ankaitumikira.

Anabadwa mu Epulo 1659, m'misasa ya asilikali a Sweden amene anali atazinga mzinda wa Copenhagen. Bambo ake anali mkulu wa asilikali, mayi ake mwana wa banja lachifumu laling'ono la ku Germany, la Hohenlohe. Dzina lakuti Lewenhaupt limatanthauza mutu wa mkango, ndipo ndi nthambi ya fuko la Leijonhufvud, limene linabala Margareta, mkazi wachiwiri wa mfumu Gustav Vasa. Magazi apamwamba analipo ndithu, chuma chokha ndicho chinali chitayamba kuthawa. Kuyambira 1680 mfumu Karl XI inayamba kulanda minda imene mafumu akale anagawira mabanja olemekezeka, n'kuibwezera ku boma. Mwana wa banja lotere amene kale akanadya za m'minda ya makolo anayenera tsopano kufunafuna ntchito ngati wina aliyense. Lewenhaupt anaphunzira ku mayunivesite a Lund ndi Uppsala, mtima wake uli pa ntchito ya ukazembe woimira dziko kunja. Malo sanapezeke. Analowa usilikali chifukwa khomo lina linali lotseka, ndipo anzake a m'misasa, poona kukonda kwake mabuku, anamupatsa dzina lomunena kuti ndi mkulu wa asilikali wa Chilatini.

Nkhondo anakaiphunzira kunja. Mu 1685 anamenyana ndi Aturuki ku Hungary, kenaka anakhala zaka zambiri m'gulu lankhondo la Adatchi, pa nkhondo yaitali yolimbana ndi France imene inatha mu 1697. Sukulu ya Adatchi inali ya kuwerengera. Msilikali anali wodula, wolipidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mkulu wanzeru sankamutaya mwachisawawa. Ankayamba wadziwa kumene buledi achokere, kumene onga usungidwe, njira yobwerera zinthu zikavuta.

Kwawo ku Sweden kunali kukula mwambo wina. Dzikoli linali la anthu ochepa. Sweden ndi Finland pamodzi sankafika anthu 2 miliyoni, koma ankalamulira gombe lalikulu la nyanja ya Baltic. Pofuna kukhala ndi asilikali osawononga ndalama zambiri, Karl XI anakhazikitsa dongosolo lotchedwa indelningsverket: alimi a mafamu awiri kapena angapo ankasonkhana n'kusunga msilikali mmodzi, kumumangira kanyumba, kumupatsa kamunda ndi mbewu. Pa mtendere ankalima, pa nkhondo ankanyamuka ndi anzake a m'dera lomwelo. Akaphedwa, alimi omwewo ankayenera kupeza wina. Kamenyedwe kawo kanali koopsa. Ankayenda chete mpaka kufika pafupi kwambiri ndi mdani, kuomba kamodzi kapena kawiri, kenaka n'kuthamangira ndi malupanga ndi mikondo yaitali. Abusa a mpingo wa Lutheran ankawaphunzitsa kuti chipolopolo sichigwera munthu popanda chifuniro cha Mulungu. Kamenyedwe kotere kanali kanzeru kwa gulu lochepa, chifukwa nkhondo inkatha msanga mdani asanagwiritse ntchito kuchuluka kwake. Koma kanalibe malo a mawu akuti tibwerere.

Mu 1700 Denmark, Russia ndi August II, wolamulira Saxony ndi Poland, anagwirizana zoukira Sweden, poganiza kuti mfumu yake ndi mwana. Karl XII anali asanakwanitse zaka 18 pamene nkhondo inkayamba. Chakacho chisanathe anali atatulutsa Denmark m'nkhondo ndi kuphwanya Arasha pa Narva. Kenaka anatembenukira ku Poland kukasaka August, n'kukhala kumeneko zaka zambiri, kusiya madera a Baltic m'manja mwa timagulu tochepa. Lewenhaupt anapatsidwa rejimenti ya ku Uppland ya asilikali ongowonjezera, osonkhanitsidwa mwachangu nkhondo itayamba, anthu amene palibe ankayembekeza zambiri kwa iwo.

Apa ndi pamene omunena kuti anali wamantha amasowa chonena. Mu Malichi 1703, pa Saladen, ndi asilikali osafika 1,500, anagonjetsa gulu la Arasha ndi anthu a ku Lithuania lochuluka kangapo kuposa lake. Mu 1704 anapambananso pa Jakobstadt. Mu Julayi 1705, pa Gemauerthof, ndi anthu pafupifupi 7,000, anabweza Boris Sheremetev, mmodzi wa akazembe akuluakulu a Peter. Anakwezedwa mpaka kukhala jenerale wa asilikali oyenda pansi ndi bwanamkubwa wa mzinda wa Riga. Koma taonani chimene anachita atapambana pa Gemauerthof: ataona kuti Arasha akubweranso ochuluka, anasiya dera la Courland n'kubwerera ku Riga ndi anthu ake amoyo. Umu ndi mmene ankamenyera nkhondo. Ankalimba pamene kulimba kunali ndi phindu, ankachoka pamene kunalibe. Kwa zaka zimenezo anali mwini wake wa zochita zake, kutali ndi mfumu, ndipo nzeru yake inkamuyendera.

Zinthu zinasintha mu 1708, pamene Karl anaganiza zolowa m'kati mwa Russia. Arasha ankathawa akutentha midzi ndi minda, kusiya dziko lopanda chodya. Lewenhaupt analamulidwa kusonkhanitsa chakudya, onga ndi zipolopolo ku Riga, n'kukakumana ndi mfumu panjira. Lamulo linafika mochedwa, kusonkhanitsa ngolo masauzande angapo m'dziko losauka ndi nkhondo kunatenga nthawi, ndipo mvula ya chaka chimenecho inasandutsa misewu matope okhaokha. Aliyense amene anaonapo ngolo ya ng'ombe itatitimira mpaka m'chitsulo cha mateyala angathe kuganiza mmene mzere wa ngolo masauzande unkayendera. Mfumu inadikira pa Mogilev pafupifupi mwezi wathunthu, inasuntha pang'ono, kenaka njala itakula inakhotera kumwera, ku Ukraine. Pamene inkakhota, Lewenhaupt anali atatsala ulendo wa masiku owerengeka. Kukhota kumeneko kunamusiya pambalambanda, pakati pa iye ndi Peter popanda chotchinga.

Pa 9 Okutobala 1708 Peter anamupeza pa mudzi wa Lesnaya, ali ndi gulu lothamanga limene ngakhale asilikali oyenda pansi anali atakwezedwa pa akavalo. Anamenyana tsiku lonse m'mphepete mwa nkhalango mpaka mdima ndi chipale chofewa zinawalekanitsa. Asilikali a Sweden sanathyoledwe. Chinawathyola ndi usiku. Lewenhaupt analamula kuti achoke mumdima kulowera ku Propoisk, pa mtsinje wa Sozh. M'matope ndi mumdima mizere inasokonekera, mizinga inasiyidwa, asilikali ena anatsegula migolo ya mowa waukali umene ankanyamula n'kuledzera, ena anasochera m'nkhalango. Atafika pa mtsinje anapeza palibe poolotsera ngolo, ndipo zotsalazo anazitentha. Mwa anthu pafupifupi 13,000 amene ananyamuka nawo, anafika kwa mfumu ndi 6,000 kapena kupitirira pang'ono, manja ali lendelende. Anabweretsa pakamwa pofuna kudya m'malo mwa chakudya. Peter anadzatcha Lesnaya mayi wa chipambano chake cha chaka chotsatira pa Poltava, ndipo pakati pa nkhondo ziwirizi panapitadi miyezi 9.

Usiku wa ku Lesnaya ndimauona ngati kiyi wa nkhani yonse. Munthu amene kwa zaka zambiri ankanyadira kusunga anthu ake mwadongosolo anaona ndi maso ake mmene gulu la asilikali abwino limasungunukira m'maola ochepa, mwambo ukangoduka. Chinthu chotere sichichoka m'mutu.

Kenaka kunabwera dzinja la 1708 mpaka 1709, lozizira kuposa lililonse limene anthu a ku Ulaya a nthawi imeneyo ankakumbukira. Asilikali ankafa ali pa akavalo, ena ankadulidwa zala ndi mapazi. Ivan Mazepa, mtsogoleri wa a Cossack a ku Ukraine amene anapandukira Peter n'kugwirizana ndi Karl, anabwera ndi anthu ochepa, ndipo likulu lake la Baturyn, mmene munali chakudya ndi zida, Menshikov analiwononga. Pofika mwezi wa Juni asilikali a Sweden anali atazinga tauni ya Poltava, onga wawo uli wochepa ndiponso wowonongeka. Masiku ochepa nkhondo yaikulu isanachitike, mfumu inaomberedwa kuphazi, chilonda chinatukusira, ndipo inayamba kunyamulidwa pa machila. Ulamuliro unapita kwa Carl Gustaf Rehnskiöld, kazembe waluso koma waukali ndi wolalata. Iye ndi Lewenhaupt sankamwerana madzi. Lewenhaupt naye anali ndi vuto lake: ankakhumudwa msanga, ankasunga mawu onyoza mumtima, ankaona adani paliponse. Anthu awiriwa ndi amene anayenera kuyendetsa nkhondo ya pa 8 Julayi 1709, ndipo Rehnskiöld sanamufotokozere mnzakeyo dongosolo lonse.

Zotsatira zake n'zodziwika. Asilikali oyenda pansi anayenera kudutsa mofulumira pakati pa timalinga ta dothi timene Arasha anamanga, koma gawo lalikulu, lotsogozedwa ndi Carl Gustaf Roos, linakakamira kumenyana ndi timalingato mpaka linadulidwa n'kugwidwa. Lewenhaupt anadutsa, nayamba kulunjika ku msasa waukulu wa Peter, koma anaitanidwa kuti abwerere. Anadikira Roos maola awiri pachabe. Pomaliza analamulidwa kuukira ndi asilikali pafupifupi 4,000, kulimbana ndi oposa 20,000 okhala ndi mizinga yambiri, pamene gulu la Sweden linabwera ndi mizinga inayi yokha. Anamvera. Anawatsogolera yekha kudutsa chigwa chopanda pobisala. Kudzanja lamanja anakankha mzere woyamba wa Arasha, koma kumanzere kunagumuka, ndipo m'kanthawi kochepa asilikali oyenda pansi a Sweden anatha. Akufa ndi ovulala osiyidwa pabwalo anali pafupifupi 6,900, ogwidwa pafupifupi 2,800, mwa iwo Rehnskiöld mwini ndi nduna yaikulu Carl Piper. Arasha anataya anthu osafika 1,500 ophedwa.

Munthu amene anafika pa Perevolochna patapita masiku awiri anali wotere: wazaka 50, wosagona, woona gulu lake likutha kawiri m'miyezi 9. Iye ndi akuluakulu ena anachonderera mfumu kuti ioloke isagwidwe, ndipo inavomera monyinyirika. Lamulo limene inasiya linali lakuti otsalawo aoloke Vorskla, mtsinje wocheperapo, alowe m'chipululu cha udzu kulowera ku Crimea, akakumanenso ndi mfumu m'dziko la Aturuki.

Omutsutsa ali ndi mfundo zolimba, ndipo n'kulakwa kuzipeputsa. Asilikali a pa akavalo, amene anali ochuluka mwa otsalawo, sanawonongeke kwambiri pa Poltava. Menshikov anali ndi anthu osafika 10,000, ochepa kuposa a Lewenhaupt, akavalo awo ali otopa chimodzimodzi. Pooloka pa Vorskla panalipo, ndipo usiku wonse unadutsa popanda kukonzekera kuoloka. Lamulo la mfumu linali lomveka. Ndipo chimene chinatayika sichinali chiwerengero chabe: anali asilikali ozolowera nkhondo zaka 9, amene dziko la anthu ochepa silikanatha kuwapezanso. Mbiri ya Poltava itamveka, Denmark ndi Saxony analowanso m'nkhondo, ndipo mu 1710 Riga, Reval ndi Viborg anagwa. Karl ali ku Bender, m'dziko la Aturuki, analembera mlongo wake Ulrika Eleonora kuti Lewenhaupt anachita zosemphana ndi lamulo ndiponso zosayenera msilikali, ngakhale sanamuganizire kuti anachita mwachiwembu. Maganizo amenewa anakula kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene olemba mbiri okonda Karl XII, makamaka m'mabuku amene likulu la asilikali a Sweden linatulutsa mu 1918 ndi 1919, ankafuna kusonyeza kuti mfumu sinalakwe, analakwa ndi anthu ake.

Omuikira kumbuyo amayamba ndi kufunsa kuti chiwerengero cha 14,000 chinkatanthauza chiyani m'mawa umenewo. Ambiri anali odwala ndi ovulala. Usiku wonse anthu ankathawa m'magulu awo kukayesa kuoloka Dnieper pa matabwa a ngolo ndi mitengo yomangamanga, ndipo ambiri anamira anzawo akuona. Akuluakulu ena anali ataoloka ndi mfumu, ena ankakankhana nawo pagombe. Kuti agonjetse Menshikov zinali zotheka, koma pambuyo pake panali Peter ndi gulu lake lonse, ndipo kutsogolo kunali ulendo wa masiku ambiri m'dziko lopanda midzi, ndi akazi, ana ndi odwala. Buku la Peter Englund lotchedwa Poltava, la mu 1988, linathandiza owerenga ambiri kuona tsikulo ndi maso a msilikali wamba woima pagombe, osati a munthu woyang'ana mapu ali pa mpando.

Pa funso lakuti ndani anataya gulu lankhondo la Sweden, ine sindikayika. Amene analilowetsa m'dziko lotenthedwa, amene sanadikire ngolo zake, amene analisunga ku Ukraine dzinja lonse, ndi mfumu. Lewenhaupt anapatsidwa mbiya yosweka kale kuti aisenze, ndipo itagwa anthu analoza iye. Karl anali wolimba mtima mosakayikitsa, ankadya chimene asilikali ake ankadya ndi kugona pamene ankagona, koma zimenezi sizisintha kuti zisankho zazikulu zinali zake.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene sindingathe kumuchotsera Lewenhaupt. Choyamba ndi mmene anafikira pa chisankho chake. M'malo molamula, anatuma akuluakulu a marejimenti kukafunsa asilikali ngati akufuna kumenya nkhondo kapena kugonja. M'gulu lankhondo la nthawi imeneyo zimenezi zinali zosamveka. Mayankho anabwera osiyanasiyana: ena anati timenya, ambiri anati tichita chimene anzathu achite. Iye anatumanso kachiwiri. Msilikali wotopa akafunsidwa kawiri ndi mkulu wake ngati akufunadi kufa, amadziwa yankho limene likufunidwa. Ena amayamikira zimenezi ngati ulemu kwa anthu wamba. Ine ndikuona munthu amene anali atasankha kale mumtima, koma ankafuna kuti mtolo wa chisankhocho ugawidwe pa mitu 14,000. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Akanaima n'kunena kuti ndaona mmene zinthu zilili, sindiphetsa anthu awa, mlandu ukhale pa ine, bwenzi mbiri yake ili yoyera kuposa mmene ilili.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo mabuku akale a ku Sweden ankachidutsa mofulumira. Pagombe paja panalinso a Cossack amene anagwirizana ndi Sweden ndipo sanapeze malo m'mabwato. Pangano la kugonja linateteza asilikali a Sweden, linalola akuluakulu kusunga katundu wawo, koma a Cossack linawasiya m'manja mwa Peter, amene ankawaona ngati oukira boma. Ambiri amene anagwidwa anaphedwa mwankhanza zosaneneka, ena pomwepo. Choncho tikamanena kuti Lewenhaupt anapulumutsa miyoyo, tizifunsa kuti miyoyo ya yani. Anakumbukira kuteteza mabokosi a zovala a akuluakulu anzake, koma anthu amene anaika moyo wawo pa mawu a mfumu ya Sweden sanawalembe m'pangano ngati oyenera chifundo.

Ngakhale opulumutsidwawo, chipulumutso chawo chinali chowawa. Kumapeto kwa chaka anawayendetsa m'misewu ya Moscow pa chionetsero cha chipambano, machila a mfumu yawo akuonetsedwa kwa anthu. Asilikali wamba anatumizidwa kukakumba ndi kumanga mzinda watsopano wa St Petersburg, kukagwira ntchito m'malo opangira zombo ndi m'migodi. Kuyambira 1711 akuluakulu ambiri anapititsidwa ku Siberia, makamaka ku Tobolsk, kumene ankadzisunga ndi ntchito zamanja. Ena anatsegula sukulu, ena anamanga nyumba ya miyala imene ilipobe mpaka lero, ndipo Philip Johan von Strahlenberg anajambula mapu a Siberia amene anatuluka mu 1730. Mtendere unabwera mu 1721, pa pangano la Nystad, Sweden itataya Livonia, Estonia, Ingria ndi gawo la Karelia. Obwerera kwawo anali ochepa poyerekeza ndi amene anagwidwa, ndipo ena anapeza m'kanyumba kawo muli msilikali wina amene alimi anaika m'malo mwawo zaka zambiri zapitazo.

Lewenhaupt anakhala ku Moscow. Anathandiza kuyendetsa nkhani za akaidi anzake, ndipo analemba nkhani yaitali ya ntchito yake yausilikali, yofotokoza chisankho chilichonse, yodzaza ndi kudziteteza ndi kuwawidwa mtima. Olemba mbiri amaigwiritsabe ntchito mpaka pano, mosamala, podziwa kuti wolembayo anali pa mlandu. Rehnskiöld anasinthanitsidwa n'kubwerera kwawo mu 1718. Za Lewenhaupt mfumu sinachitepo kanthu. Karl XII ataomberedwa pa linga la Fredriksten ku Norway kumapeto kwa 1718, Ulrika Eleonora analowa ufumu n'kuika Lewenhaupt m'bwalo la nduna zazikulu za dziko. Mpandowo sanaukhalepo. Anamwalira ku Moscow mu Febuluwale 1719, ali mkaidi chaka chakhumi, ndipo mtembo wake unadzatengedwa nkhondo itatha n'kukaikidwa m'tchalitchi cha Riddarholmen ku Stockholm, mmene munagonekedwanso Karl XII.